Nsalu, ulusi ndi mikanda zadzaza nyumba: anzanga a ku Zomba mumasunga bwanji?

Nangozo_wa_ku_Sadzi
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Ndimasoka zikwama za zitenje komanso ndimatunga mikanda, ndolo ndi zibangili. Nyumba yomwe tikuchita lendi ndi ya zipinda ziwiri, muli ana, ndiye pogwirira ntchito panga ndi pabalaza pomwepo. Katundu ali paliponse. Zidutswa za nsalu zili m'majumbo kuseri kwa mpando, ulusi uli m'kabati ya mbale, mikanda m'timapepala, mazipi sindikudziwa n'komwe kumene ali. Kasitomala akabwera ndimayamba kaye kufunafuna sizasi iye atangoima. Chandiwawa kwambiri n'chakuti katoni ya zitenje yomwe inali pansi pa bedi ndaipeza itachita chuku, zitenje zapansi zili ndi madontho akuda, fungo lake losaneneka. Mvula yangoyamba kumene, nanga pofika Febuluwale kudzakhala bwanji? Inu amene mumasoka kapena kuluka m'nyumba zazing'ono, mumasunga bwanji? Za kabati yatsopano musanditchulire, ndalama palibe.

MaPhiri_Matawale
Katoni pansi? Kuno ku Zomba? Ichotseni lero lomwe mayi.

TelalaWaPaKhonde
Achemwali, pepani ndi zitenjezo. Ine ndimasoka pakhonde la sitolo m'tauni muno, katundu ndimasunga kunyumba ku Chinamwali, ndiye vuto limeneli ndikulidziwa bwino. Musanaganize za malo, ganizani kaye za chinyontho. Tili m'tsinde mwa phiri, mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, kenako mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, zovala kukhala pachingwe osauma. Nyumba zambiri za lendi anathira simenti osayala pulasitiki pansi pake, ndiye madzi a m'nthaka amakwera pang'onopang'ono. Katoni imayamwa madziwo, nsalu n'kuyamwa kuchokera ku katoniyo. Pansi pa bedi mphepo sidutsa, ndi mumdima, ndipo chuku chimafuna zomwezo basi.

Choyamba, kwezani chilichonse. Njerwa zinayi ndi thabwa pamwamba zakwana. Musagunditse kukhoma, makamaka khoma lomwe kunja kwake kumawomba mvula, siyani mpata woti dzanja lizilowa. Kenako nsalu iliyonse muziisita musanaisunge, ngakhale ikuoneka youma. Simbi yamoto imachotsa chinyontho chomwe dzanja silingamve. Mukasita muisiye izizire kaye, chifukwa mukaitsekera ikadali yotentha nthunzi imatsalira momwemo. Ndipo dzuwa likawala pakati pa dzinja, musalisiye lipite pachabe. Tulutsani nsalu zonse, muyanike motembenuza kuti mitundu isasuluke.

Abiti_wa_ku_Chikanda
Ine zanga zonse zili m'ndowa zapulasitiki zokhala ndi chivundikiro, za malita 20 zija. Khoswe salowa, mphemvu sizilowa, denga likadontha nsalu sinyowa. Ndimasanjikiza pakona, pamwamba kuyala kansalu, alendo amangoona ngati ndi katebulo ka maluwa.

AgogoOluka
Ayi mwana wanga, pulasitiki ine ndimakana. Nsalu imafuna kupuma. Ife tinkasunga m'madengu ansungwi, kuphimba ndi chitenje chakale, kukweza pamwamba pa kabati. Sindinaonepo chuku m'dengu lokwezedwa. Koma m'ndowa yotseka ndinaona mdzukulu wanga akutulutsa yunifomu itachita mawanga obiriwira.

Abiti_wa_ku_Chikanda
Anganga, ndi ulemu wonse, dengu lanulo khoswe amaliona ngati nyumba yomangidwa kale. Ku Chikanda kuno makoswe ake si amasewera.

AgogoOluka
Wetani mphaka.

MaPhiri_Matawale
Hahaha agogo atha nkhani.

Mphunzitsi_Domasi
Onse awiri akunena zoona, kungoti aliyense akunena mbali imodzi. Ndowa yotseka bwino imasunga chomwe mwatsekeramo. Mukaika nsalu youma tsiku lowala, idzakhalabe youma ngakhale kunja kuvumbe sabata yonse. Mukaika nsalu yachinyontho, kapena mukatsegula n'kutseka kangapo patsiku mvula ikugwa, ndiye kuti mwatsekera mpweya wonyowa, ndipo ulibe potulukira. Yunifomu ya mdzukulu wa agogo ndikukhulupirira inalowa isanaumitsitse. Dengu silitsekera chinyontho, koma silitchinganso chomwe chili m'chipindamo, ndiye ngati chipinda n'chonyowa, nsalunso inyowa. Ine ndimachita chonchi: nsalu zomwe sindizikhudza msanga zimalowa m'ndowa, zositasita. Zomwe ndikugwiritsa ntchito sabata imeneyo zimakhala m'dengu pamwamba. M'ndowamo ndimaponyamo timapaketi tija timapezeka m'makatoni a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, tolembedwa kuti silica gel. Timayamwa chinyontho. Tikakhuta sitigwiranso ntchito, koma mukatiika pamalo ofunda bwino, monga pa chivundikiro cha poto chomwe chili pafupi ndi mbaula, timauma n'kuyambiranso. Ogulitsa nsapato zatsopano amangotitaya, apempheni.

TelalaWaPaKhonde
Ngati timapaketito tasowa, makala ouma omanga m'kansalu amathandizako pa fungo. Mangani bwinobwino, makala akakhudza nsalu yoyera mulira.

Nangozo_wa_ku_Sadzi
Zikomo kwambiri nonse. Nanga zomwe zachita kale madonthozi pali chochita? Zinayi ndi za mtundu wabwino, ndinakagula ku Limbe.

MayiBusa_StMarys
Tulukani nazo panja, mukutumule ndi kupukuta ndi bulashi kunja komweko, osati m'nyumba, chifukwa fumbi la chuku limatsokomoletsa makamaka ana ndi odwala mphumu. Viikani m'madzi othira viniga pang'ono, kenako chapani ndi sopo, yanikani padzuwa mpaka ziume gwa. Fungo limatha. Madontho akudawo ena amachoka, ena sachoka ngakhale mutachapa motani. Jik musayerekeze pa chitenje, adya mtundu wonse. Inu mwayi wanu mumasoka zikwama, osati madiresi. Dulani mozemba madonthowo, zotsala zikhale timapesi ndi nsalu yam'kati.

Chimwene_wa_Zojambula
Ndilowererepo ngakhale ndine mwamuna pakati pa amayi. Ine ndimajambula makadi ndi kupanga mikanda ya mapepala, timagulitsa kwa alendo okwera ku Ku Chawe. Katoni vuto lake si chinyontho chokha, chiswe chimaikonda kwambiri. Mukaona kamzere kadothi kakukwera khoma kuseri kwa katundu, dziwani kuti alendo afika, ndipo amadya kuchokera pansi mwakachetechete, pamwamba katoni ikuoneka bwinobwino. Mapepala anga ndimaika chogona pakati pa mapulanga awiri pamwamba penipeni. Ndipo amene muli ndi vanishi, guluu kapena thina, chonde musaike pafupi ndi mbaula kapena kandulo nthawi ya kuzima kwa magetsi. Zimayaka msanga zimenezi. Pakamwa pa chitini muzipukuta musanatseke, apo ayi chivundikiro sichigwira ndipo vanishi amauma.

Abiti_wa_ku_Chikanda
Mwalandiridwa achimwene, matelala aamuna ali kale muno.

NaBanda_Mpondabwino
Ine ndinene zomwe ena akuopa kunena. A Nangozo, katundu wanu ndi wochuluka kuposa nyumba. Ndowa mugula, shelefu mukhoma, koma ngati majumbo a zidutswa akuwonjezekera mwezi ndi mwezi, mubwereranso pano chaka chamawa ndi funso lomweli. Tonse osoka tili ndi matenda amodzi: kachidutswa kochepa ngati chikhatho timati kadzagwira ntchito tsiku lina. Tsiku lakelo silifika. Khalani pansi Loweruka, khuthulani majumbo onse pamkeka, musiyanitse. Chomwe chingatuluke chikwama, pindani. Chomwe chingatuluke kapesi kapena ndolo zokutira nsalu, ikani m'chosungira chimodzi chokha, chikadzaza basi, zina zisalowenso. Zotsalazo zituluke m'nyumba.

MaPhiri_Matawale
Kutaya nsalu masiku ano? Asisi, mitengo mwaiona? Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipi yomwe, ulusi womwe, chilichonse chinakwera. Amene anasunga katundu ndi amene anapuma. Ine ndikapeza mazipi pamtengo wabwino ndimagula ambiri, sindinong'oneza bondo.

NaBanda_Mpondabwino
Sindinati kutaya, ndati zituluke m'nyumba. Ndipo mazipi ndi nkhani ina, saola. Koma ndalama yomwe mwaimangirira m'zitenje zomwe zachita chuku pansi pa bedi yakupindulirani chiyani? Bola ikanakhala ku banki m'khonde ikanabereka.

MaPhiri_Matawale
Ikanabereka kwacha yomwe ikugwayo.

TelalaWaPaKhonde
Pa nkhani yogula zambiri, si katundu yense amene amadikira. Mabatani, mikanda yagalasi, mazipi apulasitiki, ulusi wa poliyesitala, izi gulani mmene mungathere, zikhala. Koma lasitiki amafa akakhalitsa, makamaka pamalo otentha monga pafupi ndi malata m'nyumba yopanda siling'i. Mudzamukoka osabwerera. Ulusi wathonje ukakhalitsa pachinyontho kapena padzuwa umafooka, umangoduka pamakina inu n'kumatukwana makina osalakwa. Kuuyesa kwake n'kosavuta: kulungani pazala, kokani mwadzidzidzi. Ukaduka mosavuta, ugwiritseni ntchito yongogwiriza ndi manja, osati msoko weniweni. Singano ndi mapini zimachita dzimbiri, ndipo pini yadzimbiri ikabaya nsalu yoyera ya kwaya kapena ya amayi a Mvano, kadontho kofiira kaja sikachoka. Guluu amauma. Ndiye a MaPhiri gulani mazipi, koma a NaBanda akunenanso zoona pa nsalu. Nsalu ilinso ndi nyengo yake, maluwa omwe akuyenda chaka chino, chaka chamawa anthu sawafuna.

AgogoOluka
Ana inu mukudandaula malo, ife tinali ndi malo koma tinalibe katundu. Malemu bambo a kunyumba ankagwira ntchito m'boma Zomba ikadali likulu, tinkakhala m'nyumba ya boma yokhala ndi kabati yomangira kukhoma. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 anzathu ambiri anapita, ife tinatsala. Nthawi imeneyo kusoka ndi kuluka tinkaphunzira ku magulu a amayi a zapakhomo, ndipo katundu wa munthu yense ankakwana m'chitini chimodzi cha mabisiketi: singano, ulusi wakuda ndi woyera, mabatani odula ku malaya akutha, tepi. Juzi ya mwana ikachepa tinkaimasula, ulusi wake kuuviika m'madzi ofunda kuti uwongoke, kuuyanika, kulukanso yaikulu mophatikiza ndi wina. Panalibe chosunga chifukwa panalibe chotsala.

Chimwene_wa_Zojambula
Chitini cha mabisiketi chimenecho chinatiliza tonse tili ana. Kutsegula ndi chimwemwe, kupeza mabatani.

Abiti_wa_ku_Chikanda
Kwathu chinali pamwamba pa kabati, ndinakwera pampando kuchitsata!

Namasina_ZaMikanda
Tibwerere kwa a Nangozo, mikanda palibe wayankha. Mayi, ine ntchito yanga ndi yomweyo, ndiye mverani. Timapepala tomwe amagulitsiramo mikanda timang'ambika, musadalire. Sonkhanitsani mabotolo oonekera m'kati, ang'onoang'ono: a mankhwala otha, a Vaseline, a chiponde pa mikanda ikuluikulu. Tsukani, chotsani chipepala chakunja, yanikani mpaka aume kwenikweni, chifukwa mikanda ina yopaka mtundu imasuluka ikanyowa, ndipo tizitsulo ta ndolo timada. Botolo limodzi mtundu umodzi, kukula kumodzi. Musasakanize poganiza kuti mudzasankha, simudzasankha.

Mabotolowo musawaimike pashelefu ayi, ana agwetsa. Ine ndinakhomera zivundikiro zake kunsi kwa thabwa la shelefu, chivundikiro chilichonse misomali iwiri ing'onoing'ono kuti chisamazungulire. Botolo limalendewera kunsi, ndikalifuna ndimangopotokola, chivundikiro n'kutsala pathabwa. Ndikakweza maso ndimaona mitundu yonse pamzere, ndimadziwa kuti yofiira yatsala pang'ono ndisanapite kumsika. Pamwamba pa thabwa lomwelo pamakhala zina, ndiye malo amodzi agwira ntchito ziwiri.

Potunga, yalani kathawulo m'lichero, thirani mikanda yochepa yokha yomwe mukufuna. Pathawulo mkanda sugubuduka. Mitundu ikakhala yambiri, thireyi ya mazira imathandiza, dzenje lililonse mtundu wake. Mwana akalira kapena nsima ikafuna kuvundula, mumangonyamula lichero lonse kuika pamwamba pa kabati. Mukamaliza, pindani pepala ngati fanulo, bwezerani m'botolo.

Nangozo_wa_ku_Sadzi
Eee, ya zivundikiro kunsi kwa thabwayo ndaikonda. Koma eni nyumba athu safuna msomali pakhoma lawo, anachita kutiuza tikulowa.

Kalipentala_Ndola
Mayi, shelefu siifuna khoma. Uzani kalipentala aliyense akupangireni yoima payokha, yopapatiza koma yaitali, matabwa a paini. M'lifupi masentimita 60, kuya 30, kutalika kufika pamwamba pa chitseko, imakwana pakona iliyonse. Kumbuyo asatseke ndi bolodi, angopingasa timatabwa tiwiri kuti isagwedezeke, mphepo izidutsa. Thabwa lapansi likwere ndithu kuchoka pasimenti kuti tsache lizilowa ndipo muziona ngati chiswe chayamba. Zolemera monga ndowa pansi, zopepuka pamwamba, kuti ana akaikoka isawagwere. Chenjezo limodzi: onetsetsani kuti matabwa ndi ouma. Paini wamuwisi amapindika akamauma, komanso utomoni wake umamata nsalu. Ngati ndalama yavuta, makereti apulasitiki a buledi kapena a zakumwa osanjikiza chammbali, omanga ndi waya, amagwira ntchito yomweyo.

MaPhiri_Matawale
A Kalipentala mwabwera kudzasaka makasitomala eti?

Kalipentala_Ndola
Ndati kalipentala aliyense amayi, werengani bwino.

Nesi_wa_Usiku
Pepani ndisokoneze pang'ono, koma a Nangozo atchula ana. Mikanda ndi mwana wokwawa kapena wa zaka ziwiri, zitatu ndi zinthu zosayenderana. Amaika m'mphuno, m'khutu, m'kamwa. Tikawalandira kuchipatala, nthawi zambiri mkanda umakhala utapita kutali chifukwa kunyumba anayesa kuutokosa ndi kamtengo ka machesi kapena pini. Musatokose, thamangani naye kuchipatala. Singano ndi mapini muziwerenga poyamba ndi pomaliza ntchito, ndipo musamabaye pamkono wa sofa kapena pamatiresi kuti mutenga posachedwa. Chinanso, ndaona palibe watchula koma ndikudziwa ambiri mumagwiritsa ntchito: timipira toyera tonunkha tothamangitsa njenjete tija. Mwana amationa ngati maswiti, ndipo ndi poizoni. Fungo lakenso si labwino kwa khanda, musaike m'zovala za mwana wakhanda kapena m'chipinda chogona chotsekatseka. Timapaketi ta aphunzitsi a ku Domasi tija natonso tikhale kutali ndi ana.

TelalaWaPaKhonde
Pa mapini, pezani maginito a sipika ya wailesi yakufa kwa okonza mawailesi. Ikani m'kambale, mapini onse azikakamira pamenepo. Madzulo yendetsani maginitowo pansi pomwe mumasokera, mudzadabwa zomwe atole.

AgogoOluka
Timipira timeneto ine ndinasiya kalekale, ndipo ambiri mumangovutika nato. Njenjete imadya ubweya weniweni wa nkhosa. Ulusi wolukira womwe tikugula m'masitolo masiku ano wambiri ndi wa akiriliki, njenjete siifuna. Mukafuna kudziwa, dulani kachidutswa, yatsani panja ndi machesi. Wa akiriliki umasungunuka n'kusiya kachibulu kolimba kakuda. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa, phulusa lake limafumbutuka m'zala. Amene mumamasula majuzi a pa kaunjika ndi amene muyenera kusamala, chifukwa kumeneko ubweya weniweni umapezeka. Chapani kaye, yanikani, kenako tsekerani.

Mlaza_wa_ku_Jali
Moni a m'tauni. Ife kuno timaluka mikeka ndi zipewa. Zathu sizilowa m'ndowa. Mlaza timaumanga m'mitolo, kuupachika kudenga kukhitchini kapena pakhonde pomwe mvula sifika. Ukagona pansi umada, ndipo mkeka wa mlaza wakuda suyenda malonda. Timanyowetsa wokhawo woluka tsiku limenelo. Ndiye amene muli m'nyumba zopanda siling'i, yang'anani kumwamba, mitanda ya denga ndi malo aulere. Chingwe ndi dengu basi.

Abiti_wa_ku_Chikanda
Bola denga lisakhale lodontha ngati lathuli. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumba usiku, pansi ponse thamanda. Chomwe chinapulumuka ndi cha m'ndowa zomwe anganga akuzinyozazi, zinangoyandama.

AgogoOluka
Pa Freddy pokha ndagonja mwana wanga.

BamboWaNyumba_Kalimbuka
Ine ndifunse m'malo mwa amuna omwe akazi awo ali pagulu pano. Tebulo lodyera lidzabwerera liti? Kwathu makina ali patebulo, ife timadyera m'manja.

NaBanda_Mpondabwino
Fizi ya teremu yathayi inachokera patebulo lomwelo bambo. Dyerani m'manja.

BamboWaNyumba_Kalimbuka
Sindikukana mayi, ndangofunsa.

MayiBusa_StMarys
Musawakalipire, funso lawo lili ndi nzeru. Nyumba ndi ya onse. Kwathu tinagwirizana kuti ngodya imodzi ya pabalaza, ya kuwindo, ndi yanga, palibe woikapo kapu kapena kope la sukulu. Inenso katundu wanga sadutsa malire amenewo ikakwana nthawi ya chakudya chamadzulo. Sizasi yanga ndinaimanga kansalu kofiira, aliyense m'nyumba amadziwa kuti yofiirayo sidula pepala, sidula jumbo, sidula zikhadabo. Ndinawagulira yawo yotchipa. Sizasi ya nsalu ikadula mapepala imabuntha msanga, ndipo ana akakhala alibe yawo adzatenga yanu basi, ngakhale muwalalatire. A Nangozo, sizasi yomwe mumaifunafunayo mwina siisowa yokha, ili ndi miyendo iwiri ndipo ili sitandade 4.

Nangozo_wa_ku_Sadzi
Hahaha mayi busa mwalosera, kungoti ali sitandade 3.

TelalaWaPaKhonde
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimadanitsa anthu, nsalu za makasitomala. Izi zisasakanikirane ndi zanu ngakhale pang'ono. Munthu akabweretsa nsalu, nthawi yomweyo akuona, lembani m'kope dzina, miyezo, tsiku lodzatenga ndi ndalama yomwe wapereka. Dulani kachidutswa kakang'ono pakona ya nsaluyo, kabayeni ndi pini patsamba lomwelo. Nsaluyo ilowe m'jumbo lakelake pamodzi ndi zipi yake, mabatani ake ndi ulusi wake, kapepala ka dzina pamwamba. Ntchito imodzi, jumbo limodzi. Mukatero simudzafunafuna zipi yobiriwira pakati pa usiku mawa lake kuli chinkhoswe. Zotsala mum'bwezere mwini wake, kapena mum'funse ngati akukusiyirani. Matelala tinatchuka ndi mbiri yodya nsalu za anthu, koma kawirikawiri si kuba, ndi kusasunga bwino. Nyengo ya maukwati, anthu khumi akabweretsa chitenje chofanana cha yunifomu, popanda kope mudzasokera mayi wonenepa pa miyezo ya mtsikana.

Mapatani anu a zikwama, ngati ndi a pepala, akopereni pa katoni yolimba kapena pa pulasitiki ya chigubu chodula, boolani pakona, lembani dzina, pachikani onse pa waya mmodzi m'mbali mwa shelefu. Makina nawo muziwavundikira mukamaliza, kadontho ka mafuta a makina m'malo oyenda, osati mafuta ophikira, amenewo amauma n'kumata. Pansi pa phazi la makina siyani kansalu, singano ili pansi, kayamwe mafuta otsala.

Mphunzitsi_Domasi
Pa zidutswa zomwe a NaBanda akuti zituluke m'nyumba, zili ndi kopita. M'sukulu zambiri za pulayimale muli magulu a amayi omwe amasoka mapadi ochapa a atsikana, ndipo nsalu yathonje yoyera bwino amaifuna nthawi zonse. Funsani kwa ahedi a sukulu yomwe muli nayo pafupi. Tizidutswa tating'ono kwambiri ena amalukira zopondera pakhomo pa thumba la ufa, ena amaika m'mapilo ndi m'zidole. Zongofunika zikhale zochapa komanso zopanda chuku.

NaBanda_Mpondabwino
Mwamva a MaPhiri? Palibe wataya kanthu.

MaPhiri_Matawale
Ndamva. Koma mazipi anga musawayandikire.

Namasina_ZaMikanda
Mazipiwo mumasunga bwanji poti ndi ambiri?

MaPhiri_Matawale
Pa hang'ala ya waya. Ndimawabaya ndi sefitipini yaikulu kumutu, ofanana kutalika pini imodzi, mapini onse kukoleka pa hang'alayo, hang'ala kuseri kwa chitseko. Yolimba kutsegula ndimaipaka kandulo m'mano. Maliboni ndi zingwe za zikwama ndimakulunga pa timakatoni ta mapepala a kuchimbudzi, kumapeto kubaya pini.

Nangozo_wa_ku_Sadzi
Ndakhuthula majumbo aja pamkeka monga ananenera a NaBanda. Abale, ndapezamo mazipi omwe ndinkati anatha, tepi yachiwiri, ndi ndolo za kasitomala wina zomwe ndinachita kum'pangira zina. Zidutswa zazing'ono zadzaza thumba la makilogalamu 50. Alipo wozifuna? Ndili ku Sadzi, nditha kufika nazo kumsika waukulu Lachisanu.

Mlaza_wa_ku_Jali
Mlamu wanga amaluka zopondera pakhomo, angakondwe. Lachisanu ndimabwera ndi mikeka, ndikulemberani kumbali.

Abiti_wa_ku_Chikanda
Ngati muli zofiira ndi zachikasu mundipatulireko kaye zochepa, ndikukutira mabatani a ndolo.

NaBanda_Mpondabwino
Abiti, m'ndowa zanu zosanjikizazo mwatsala malo?

Abiti_wa_ku_Chikanda
Ndigula ina, musandilondole asisi.

Kalipentala_Ndola
A Nangozo, mukapita kwa kalipentala mutenge botolo limodzi lalitali mwa omwe mukufuna kulendeweretsawo, ayezere mpata wa pakati pa matabwa. Akangoyerekeza m'mutu, botolo lizidzagunda katundu wa pathabwa lapansi.